Mzere Umodzi

Ku Chiputula mvula yamawawa sigogoda,
imangolowa m'mafupa n'kukhala pansi.
Ndili pa mpando wapulasitiki, bulangete kumapewa,
laputopu yakaunjika ikundiwotcha ntchafu.
Pagalasi ndi chaka cha 1081.
Mfumu yanga yakalamba:
ndevu zambuu, chifuwa chosamva mankhwala,
sing'anga wa kumpanda wayamba kale kuyang'ana pansi.

Vitumbiko, wokonza mafoni kuseri kwa depoti,
ndiye adandilembera mawuwo pa lisiti yakale:
dina batani lapakona, kabokosi kakuda katseguka,
lemba mzere umodzi, usaphonye chilembo.
Ndidalemba.
Mphezi sidang'anime, ngakhale galu wa aneba sadauwe.
Pansi pa nkhope ya mfumu padangomera kachizindikiro
kochepa ngati njere ya khofi,
basi, imfa yachotsedwa ntchito.

Ndiye tidadya dziko!
Madoko tidalanda, malinga amiyala tidamanga,
akavalo athu adamwa mitsinje yomwe sinditha kuitchula.
Tidakwatira kasanu ndi kawiri,
tidalira maliro kasanu ndi kawiri.
Mwana wachisamba adadikira mpando mpaka mano adamuthera.
Mdzukulu adatopa, adakonza chiwembu,
ndidamponya m'ndende, adamera imvi momwemo.
Otsatira ake sindiwadziwa n'komwe,
timitu tokha tobadwa ndi kuzima m'mphepete mwa galasi
ngati magetsi a ku Luwinga nthawi ya mphepo.

Cha m'ma thu koloko adada adatuluka kuchipinda,
ulendo wachitatu wokataya madzi,
shuga wawo sagwirizana ndi tulo.
Adaima kumbuyo kwanga,
akununkha mafuta opaka m'mawondo.
"Mdala ameneyu ndani?"
Ndidati ndi mfumu yanga, adada,
zaka mazana atatu tsopano, ndipo siifa.
Adaweramira pafupi, kutsinzina diso limodzi
monga ankayezera thabwa ku Chikangawa.
"Nanga amacheza ndi ndani?"
Ndidaseka. Iwo ayi.
"Pa gulu lathu la macheka tidali anthu khumi ndi awiri.
Mwafulirwa tidamuika m'mwezi wa Meyi.
Ndikafuna kukumbuka dzina la kapitawo uja
palibenso womufunsa."
Adakoka patapata wawo kubwerera kukagona.

Lachinayi tidali pa mzere ku Sentulo,
iwo pa benchi, ine chiimire,
kabuku kawo kachipatala kali m'manja mwanga,
kofewa ngati tsamba la fodya chifukwa cha kupindapinda.
Namwino adabaya chala, adawerenga, adalemba nambala,
adagwedeza mutu pang'ono, poganiza kuti sindikuona.
Ine maso adali pa cholembera chake.
Ndinkafuna kumubwereka mphindi imodzi yokha,
nditsegule tsamba lomaliza,
ndilembe mzere uja wa pa lisiti,
osaphonya chilembo.

Pobwerera wakabaza adawatenga pang'onopang'ono pa chitunda,
ine ndikuthamanga pambuyo ndi jumbo ya mapiritsi.

Usiku uno mfumu ilibenso mdani.
Mapu onse asanduka mtundu umodzi,
kuchokera kunyanja iyi kukafika kunyanja iyo.
Yangokhala pa mpando, nkhope yomwe ija,
ndevu sizikula, chifuwa sichipola,
pakuti ndidaichotsera imfa yokha, osati kutsokomola.
Vitumbiko akuti kubweza n'kosavuta:
mzere womwewo, ungosintha liwu loyamba.
Ndatsegula kabokosi kakuda,
kamzere koyera kakuphethira, kakundidikira,
chala changa chili m'malere.

Kenako magetsi thi!
Batire ya laputopu iyi idafa kalekale,
ufumu wonse wazima ngati nyali ya koloboyi.
Mu mdimamu mfumu ikadali moyo kwinakwake,
ndipo kuseri kwa khoma adada akutsokomola.
Ndikuwerenga: kamodzi, kawiri.
Bedi lalira, atembenuka.
Ndikhala pompano mpaka ndimve mkonono.